Mkodzo Ukamakuthamangitsani: Zoyenera Kudziwa Musanamwe Mankhwala a Chikhodzodzo

Belu lalira, kheji yatsekedwa, mwayamba kutsika. Musanafike n'komwe pa levulo yanu mkodzo wakugwirani kale ngati simunakodze tsiku lonse, chonsecho mwangochoka kumene kuchimbudzi. Mukupanikiza miyendo, mukuwerenga mumtima, anzanu akucheza za mpira. Pofika pansi ovolosi yanyowa pang'ono kutsogolo, ndipo mukungothokoza kuti mumgodi muli mdima ndi madzi odontha paliponse.

Ngati zoterezi zimakuchitikirani inuyo, kapena amayi a kunyumba, kapena madala amene anapuma ntchito amene mukuwasunga pakhomo, nkhani iyi ndi yanu. Tailembera abale athu olankhula Chichewa ndi Chinyanja amene muli ku Munyati, Kwekwe, Redcliff, Battlefields, Shurugwi ndi Zvishavane: a m'migodi ya makampani, a ku ng'anjo zosungunulira miyala, komanso amene mumakumba golide panokha. Ambiri a inu makolo anu anachokera ku Malawi, ku Chipata kapena ku Tete, ena pa Mthandizi, ena wapansi, nadzagwira ntchito pa migodi ngati Globe and Phoenix. Amene anabwera nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, lero ndi okalamba, ndipo ana awo nawo afika pa msinkhu umene chikhodzodzo chimayamba kuvuta.

Vutoli si la inu nokha. Kafukufuku wamkulu wotchedwa EPIC, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006 atafunsa anthu oposa 19,000 ku Canada ndi maiko anayi a ku Ulaya, anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 12 pa 100 aliwonse ali ndi chikhodzodzo chothamanga. Amuna ndi akazi anali pafupifupi ofanana. Chimene chimapangitsa kuti muziona ngati muli nokha ndi manyazi: aliyense amabisa.

KODI CHIKHODZODZO CHIMAGWIRA NTCHITO BWANJI?

Impso ziwiri zimasefa magazi usana ndi usiku, ndipo mkodzo umatsikira m'chikhodzodzo. Chikhodzodzo ndi thumba la mnofu limene limatha kusunga mkodzo wokwana mamililita 300 mpaka 500, ngati botolo limodzi la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Pansi pake pali minofu ina imene imatseka njira ngati mpopi. Thumba likadzadza, minyewa imatumiza uthenga kudzera mumsana mpaka ku ubongo. Inu mukapeza malo, ubongo umalola thumba kufinya ndi mpopi kutseguka.

Munthu wabwinobwino amakodza maulendo 4 mpaka 8 pa tsiku, ndipo usiku sadzuka kapena amadzuka kamodzi. Pakalakwika china pa thumba, pa mpopi, pa njira ya mkodzo kapena pa minyewa, m'pamene vuto limayamba. Mankhwala amasiyana malinga ndi pamene palakwika. N'chifukwa chake piritsi limene linathandiza mnzanu wa pa shifiti likhoza kukupwetekani inuyo.

MITUNDU INAYI YA VUTOLI

1. Mkodzo wothamanga. Umabwera modzidzimutsa ndipo sudikira. Mumakodza koposa maulendo 8 pa tsiku, mumadzuka kawiri kapena katatu usiku, ndipo nthawi zina mumadzikodzera musanamasule lamba. Apa thumba likufinya lokha lisanadzadze. Madokotala amati overactive bladder.

2. Mkodzo wotuluka pokakamiza thupi. Mukatsokomola, kuseka, kuyetsemula kapena kunyamula thumba la miyala, timadontho timatuluka. Apa mpopi wafooka. Zimachitika kwambiri kwa amayi amene anabereka kangapo, ndi kwa abambo amene anachitidwa opaleshoni ya prostate.

3. Mkodzo wosefukira. Mumaima nthawi yaitali mkodzo usanayambe, umatuluka mofooka, mumamva kuti sunathe, kenako umangodontha m'kabudula. Apa njira yatsekeka kapena thumba lafooka, ndiye ladzadza mpaka kusefukira.

4. Mitundu iwiri pamodzi. Amayi ambiri achikulire amakhala ndi mtundu woyamba ndi wachiwiri nthawi imodzi.

Musanapite kuchipatala, lembani pa pepala kwa masiku 3: nthawi imene mwamwa chakumwa, mwamwa chiyani, nthawi imene mwakodza, ndi nthawi imene mwadzikodzera. Sankhani masiku awiri a ntchito ndi limodzi la ofu. Kapepala kameneka kamathandiza namwino kuposa mawu ambiri. Ngati Chishona chimakuvutani, kumbukirani kuti mkodzo amati weti, ndipo pa Chindebele amati umchamo.

YAMBANI MWAYEZETSA

Kukodza pafupipafupi nthawi zambiri kumakhala chizindikiro cha matenda ena. Mukathamangira mapiritsi okhazika chikhodzodzo musanayezetse, mukhoza kuphimba matenda amene akanachiritsidwa msanga. Pemphani kuti akuyezeni mkodzo, shuga ndi BP. Zimene a chipatala amafufuza ndi izi:

Likodzo. A Chishona amati chipfunga. Timalitenga poima kapena kusamba m'madzi a m'mitsinje ndi m'madamu mmene muli nkhono. Amene mumasefa golide m'mphepete mwa Munyati ndi Sebakwe mutaima m'madzi tsiku lonse, ndiponso amene munakulira kunyanja ya Malawi, ku Chilwa kapena ku Shire, likodzo musaliiwale. Mazira a tizilomboti amakhazikika pa khoma la chikhodzodzo, kuchititsa zilonda, kukodza magazi ndi kukodza pafupipafupi. Likakhalitsa zaka zambiri limalimbitsa chikhodzodzo, limawononga impso, ndipo likhoza kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Dziko la Zimbabwe linayamba kugawa mankhwalawa kwa ana a sukulu mu 2012, koma munthu wamkulu ayenera kudzipitira yekha kuchipatala.

Tizilombo m'chikhodzodzo. Mkodzo umawotcha, umanunkha, umakhala wa matope, ndipo m'chinena mumapweteka. Awa amafuna mankhwala opha tizilombo, omwa mpaka kumaliza.

Shuga. Ludzu losatha, kukodza mkodzo wambiri usana ndi usiku, kuonda ndi kufooka. Shuga akatsika, kukodzanso kumachepa.

Chinzonono chakale. Chinzonono chimene sichinachiritsidwe bwino chimasiya chipsera m'njira ya mkodzo, njirayo n'kuchepa. Zikhoza kuonekera patapita zaka zambiri. Palibe piritsi limene limatsegula chipsera. Pamafunika dokotala kuti akuze njirayo.

TB. Tonse tikudziwa kuti fumbi la mumgodi limawononga mapapo ndi kuitana TB. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti TB imatha kufikanso ku impso ndi ku chikhodzodzo. Ngati munadwalapo TB, kapena mwamwa mankhwala opha tizilombo kangapo koma kukodza sikukusintha, auzeni a dokotala.

Kuvulala msana. Mwala ukakugwerani kumsana, kapena mukagwa m'dzenje, minyewa yolamulira chikhodzodzo ikhoza kuwonongeka. Chimodzimodzi sitiroko.

Mankhwala amene mukumwa kale. Mapiritsi ena a BP ndi a mtima, monga hydrochlorothiazide ndi furosemide, ntchito yake ndi kutulutsa madzi m'thupi. Musawasiye nokha. Funsani ngati mungasinthe nthawi yomwera kuti igwirizane ndi shifiti yanu.

ZIMENE MUNGACHITE MUSANAYAMBE MAPIRITSI

Madokotala amayamba ndi njira zosalira ndalama, ndipo kwa anthu ambiri zimathandiza mofanana ndi mapiritsi.

Musadzimane madzi. Ambiri amasiya kumwa madzi poopa kudzikodzera pa ntchito. Kumeneko n'kudzipweteka. Mkodzo umakhala wofiirira ndi waukali, umanyerenyetsa chikhodzodzo, ndipo mumakodza pafupipafupi kuposa kale. Komanso pansi pa mgodi pamatentha, thukuta limatuluka lambiri, ndipo impso zimavutika. Munthu wokhala pamthunzi amafuna malita 1.5 mpaka 2 pa tsiku. Inu a pansi ndi a ku ng'anjo mumafuna oposa apo. Imwani pang'onopang'ono tsiku lonse, osati kugugudiza botolo lonse nthawi imodzi. Mkodzo ukhale wotuwa ngati udzu wouma. Chepetsani kumwa kukatsala maola awiri kapena atatu kuti mugone.

Chepetsani tiyi wamphamvu, khofi, zakumwa za kola ndi zija zopatsa mphamvu zimene ambiri amamwa pa shifiti ya usiku. Zonsezi zili ndi caffeine amene amautsa chikhodzodzo. Mowa nawo, kaya Chibuku, kaya kachasu, umachulukitsa mkodzo.

Pewani kudzimbidwa. Matumbo odzadza amakanikiza chikhodzodzo. Nsima ya mgaiwa, ndiwo zamasamba, nyemba ndi zipatso zimathandiza.

Siyani fodya. Kutsokomola kumafooketsa mpopi, ndipo fodya ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zoyambitsa khansa ya chikhodzodzo.

Phunzitsani chikhodzodzo. Mkodzo ukakugwirani, musathamange. Imani kapena khalani pansi, finyani minofu ya pansi kangapo, pumani mozama mpaka kuthamangako kuchepe, kenako yendani bwinobwino kupita kuchimbudzi. Yambani ndi kudikira mphindi 5, sabata yotsatira 10, kenako 15, mpaka muzitha maola atatu. Pamafunika masabata osachepera 6.

Limbitsani minofu ya pansi. Finyani ngati mukuletsa mphweya kutuluka pagulu. Gwirani kwa masekondi angapo, masulani. Chitani maulendo 8, katatu pa tsiku, kwa miyezi itatu. Palibe amene angaone; mukhoza kuchita muli m'basi kapena pa mzere wa kheji. Abambo, izi si za amayi okha.

MANKHWALA OKHAZIKA CHIKHODZODZO

Ngati mwayezetsa, matenda ena sanapezeke, ndipo njira za pamwambazi sizinakwanire, dokotala akhoza kukulemberani mapiritsi. Alipo magulu awiri.

Gulu loyamba limaletsa uthenga wa minyewa umene umauza chikhodzodzo kufinya. Akale kwambiri ndi oxybutynin, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito ku America mu 1975. Ndi otsika mtengo kuposa anzake, ndipo amamwedwa mamiligalamu 2.5 kapena 5, kawiri kapena katatu pa tsiku. Pambuyo pake kunabwera tolterodine, kenako solifenacin amene amamwedwa kamodzi pa tsiku, mamiligalamu 5 kapena 10. Ena a gulu lomweli ndi trospium, darifenacin ndi fesoterodine.

Tikuuzeni zoona: mankhwalawa amachepetsa vuto, koma si onse amene amauma kotheratu. Amene amadzuka kanayi usiku akhoza kuyamba kudzuka kawiri. Mphamvu yake yonse imaoneka pakatha masabata anayi, choncho musataye mtima pa masiku atatu. Pakatha mwezi bwererani kuchipatala mukanene mmene zikuyendera. Amagwira bwino kwambiri mukamapitiriza kuphunzitsa chikhodzodzo.

Uthenga umene mankhwalawa amaletsa umagwiranso ntchito m'malovu, m'matumbo, m'maso, pakhungu ndi mu ubongo. N'chifukwa chake amabweretsa izi:

• kuuma m'kamwa
• kudzimbidwa
• kuona mwachimbuuzi
• tulo ndi chizungulire
• kuiwalaiwala ndi kusokonezeka maganizo, makamaka kwa okalamba
• kutsekeka kwa mkodzo kwa abambo amene njira yawo yachepa kale

Musamwe mankhwala a gulu ili ngati muli ndi matenda a maso otchedwa glaucoma a mtundu wotseka, ngati mkodzo umatsalira m'chikhodzodzo, kapena ngati matumbo anu anatsekekapo. Kwa agogo ofooka, madokotala amapewa oxybutynin wamba chifukwa cha kugwa ndi kusokonezeka mutu. Mukaona madala ayamba kusochera m'komponi kapena kulankhula zosamveka atangoyamba mapiritsi atsopano, musathamangire kunena kuti ndi ukalamba kapena kuti awalodza. Tengani mapiritsiwo mupite nawo kuchipatala.

CHENJEZO KWA A PANSI NDI A KU NG'ANJO

Apa werengani kawiri. Mankhwala a gulu loyamba amachepetsa thukuta. Thukuta ndi limene limaziziritsa thupi. Munthu wogwira ntchito mu ofesi mwina sangazindikire kusiyana kwake, koma inu amene mumagwira jekihama pansi, kapena kuima pafupi ndi ng'anjo ya chrome, kapena kukumba padzuwa m'mwezi wa Okutobala, thupi likhoza kutentha mopitirira muyeso mpaka kukomoka. Anthu amafa nako kutentha kotereku.

Zizindikiro zake ndi mutu waukulu, nseru, khungu lotentha koma louma, mtima kuthamanga, kudzandira ndi kubwebweta. Mnzanu akatero, mutulutseni pamalo otentha, mumasuleni zovala, muthireni madzi thupi lonse, muitanitse thandizo nthawi yomweyo.

Choncho dokotala asanalembe mankhwala, muuzeni ntchito imene mumagwira. Musangoti "ndimagwira ku mgodi." Nenani kuti mumatsika pansi, kapena mumayendetsa loko, winchi kapena galimoto, kapena mumagwira za maphulitsa. Tulo ndi chimbuuzi m'maso pa ntchito zoterezi zikhoza kupha inu ndi anzanu. Ngati n'kotheka, yambani mankhwala atsopano pa masiku a ofu kuti muone mmene thupi likuwalandirira.

GULU LACHIWIRI

Mankhwala a gulu lachiwiri amagwira mwanjira ina: amamasula mnofu wa chikhodzodzo kuti chizisunga mkodzo wambiri. Odziwika ndi mirabegron, amene anavomerezedwa ku Japan mu 2011 ndi ku America mu 2012, ndipo amamwedwa kamodzi pa tsiku, mamiligalamu 25 kapena 50. Mnzake ndi vibegron. Saumitsa m'kamwa kwambiri ndipo sasokoneza mutu ngati a gulu loyamba, choncho amayenera okalamba. Vuto la mirabegron ndi lakuti amatha kukweza BP. Munthu amene BP yake yafika 180 pa 110 kapena kuposa sayenera kumwa, ndipo aliyense wowamwa aziyezetsa BP pafupipafupi. Ndi okwera mtengo kuposa oxybutynin. Funsani mtengo wa mwezi wonse musanayambe, chifukwa mukasiya kumwa vuto limabwerera.

ABAMBO: NKHANI YA PROSTATE

Pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna pali kachiwalo kotchedwa prostate, kamene kamazungulira njira ya mkodzo ngati mphete. Munthu akamakula nakonso kamakula. Pafupifupi theka la amuna a zaka za pakati pa 51 ndi 60 kanakula kale, ndipo kwa opitirira zaka 80 ndi pafupifupi onse. Kukula kumeneku si khansa, ndipo sikubwera chifukwa cha chiwerewere kapena kukhalitsa osagona ndi mkazi, monga ena amanenera kumowa.

Kachiwaloka kakapana njira, chikhodzodzo chimalimbana kuti chitulutse mkodzo, ndipo m'kupita kwa nthawi chimayamba kuthamanga. Bambo wotere akangomwa oxybutynin osayezetsa, mkodzo ukhoza kutsekeka kotheratu. N'chifukwa chake a chipatala amayamba aona ngati mkodzo ukutsalira, ndi kuyeza prostate ndi chala kudzera kumbuyo. Zimatenga mphindi imodzi yokha. Manyazi a mphindi imodzi asakutayitseni impso.

Mankhwala a prostate alipo a mitundu iwiri. Oyamba, monga tamsulosin, doxazosin ndi prazosin, amamasula njira ndipo mkodzo umayamba kuyenda bwino pa masiku ochepa. Amatha kubweretsa chizungulire mukadzuka mofulumira, makamaka masiku oyamba kapena mukataya thukuta lambiri. Dzukani pang'onopang'ono, ndipo samalani pa makwerero. Tamsulosin amathanso kuchepetsa umuna wotuluka pogonana. Si choopsa, ndipo zimabwerera mukasiya. Musawaphatikize ndi mapiritsi opatsa mphamvu za kuchipinda monga sildenafil popanda kufunsa, chifukwa BP ikhoza kutsika kwambiri. Ngati mukukachotsa ng'ala m'maso, auzeni a dokotala a maso kuti mumamwa tamsulosin.

Achiwiri, monga finasteride, amachepetsa kukula kwa prostate, koma amatenga miyezi pafupifupi 6 kuti muone kusintha. Kwa ena amachepetsa chilakolako. Amatsitsanso ndi theka chiwerengero cha PSA, kuyeza magazi kofufuzira khansa ya prostate, choncho nenani kuti mukumwa musanayezedwe. Mayi woyembekezera asagwire piritsi la finasteride losweka, chifukwa likhoza kuwononga mwana wamwamuna ali m'mimba.

AMAYI

Ngati mkodzo umatuluka mukatsokomola kapena mukasenza ndowa, mapiritsi okhazika chikhodzodzo sangakuthandizeni, chifukwa vuto lili pa mpopi. Mankhwala anu enieni ndi kulimbitsa minofu ya pansi kwa miyezi itatu, ndi kuchepetsa thupi ngati lakula. Zikakanika pali opaleshoni. Alipo mapiritsi otchedwa duloxetine amene nthawi zina amaperekedwa, koma ambiri amawasiya chifukwa cha nseru.

Amayi amene anasiya kusamba, kumaliseche kukauma ndi kuwotcha, amathandizidwa ndi mafuta a oestrogen opaka kumalo komweko. Amachepetsa kuthamanga kwa mkodzo. Funsani kaye dokotala, makamaka ngati munadwalapo khansa ya m'mawere.

Koma ngati mkodzo umangotuluka usana ndi usiku osaleka kuyambira pamene munavutika pobereka, imeneyo ikhoza kukhala fistula, kuboola kwa chikhodzodzo. Palibe piritsi la fistula, koma opaleshoni imachiritsa amayi ambiri. Ku Zimbabwe opaleshoniyi yakhala ikuchitika pa chipatala cha Chinhoyi, ndipo ku Malawi pa Bwaila ku Lilongwe. Yambani mwafunsa pa kiliniki yanu. Abambo, mayi wotere si wotembereredwa. Muperekezeni.

MAPIRITSI AKAKANIKA

Madokotala a chikhodzodzo pa zipatala zazikulu ali ndi njira zina. Imodzi ndi jekeseni wa Botox wobaya pa khoma la chikhodzodzo, amene amagwira kwa miyezi ingapo kenako n'kubwereza. Ena akabayidwa amafunika kutulutsa mkodzo ndi kapaipi kwa kanthawi. Kwa ovutika ndi kukodza usiku kokha alipo desmopressin, koma amatsitsa mchere m'magazi, ndipo kwa opitirira zaka 65 kapena odwala mtima ndi oopsa. Amene anavulala msana amaphunzitsidwa kulowetsa okha kapaipi kaukhondo kangapo pa tsiku, ndipo njira imeneyi imateteza impso.

NGATI MULI PA MA ARV KAPENA MANKHWALA A TB

Mankhwala ambiri a chikhodzodzo amaphwanyidwa m'chiwindi. Ma ARV amene ali ndi ritonavir, monga atazanavir ndi ritonavir kapena lopinavir ndi ritonavir, amachedwetsa ntchito imeneyi, ndiye solifenacin, tolterodine ndi tamsulosin amachuluka m'magazi ndipo zovuta zake zimakula. Dokotala amachepetsa mlingo kapena kusankha ena. Rifampicin wa TB amachita mosemphana: amafulumizitsa chiwindi, mankhwala ena n'kuchepa mphamvu. Musasiye ma ARV kapena mankhwala a TB ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha chikhodzodzo. Ingotengani khadi lanu ndi mabotolo onse muwaonetse, ngakhale mukulandira ma ARV pa kiliniki ina. A chipatala amasunga chinsinsi.

Nenaninso ngati mumamwa chlorpheniramine wa chimfine, amitriptyline, kapena mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine. Onsewa amatha kutseka mkodzo, ndipo akakumana ndi oxybutynin zovuta zimawirikiza.

MUSAGULE MUMSEWU

Safunsa anadya phula. Mapiritsi ogulitsidwa pa siteji ya basi, m'mabala kapena ochoka m'chikwama cha munthu wobwera kumalire sadziwika kuti muli chiyani, anasungidwa bwanji, kapena anatha liti mphamvu. Ku Zimbabwe bungwe la Medicines Control Authority of Zimbabwe ndi limene limavomereza mankhwala ndi kupereka chilolezo kwa ma famase. Gulani pa famase yovomerezeka, ndi kalata ya dokotala. Musabwereke a mnzanu. Ngati mukumwa mankhwala azitsamba, nenani poyera. Ena amalemetsa impso, ndipo dokotala ayenera kudziwa.

THAMANGIRANI KUCHIPATALA TSIKU LOMWELO NGATI:

• mkodzo wakana kutuluka, m'chinena mwatupa ndipo mukupweteka
• mukukodza magazi, ngakhale kamodzi kokha popanda ululu
• thupi latentha, mukunjenjemera ndipo m'mbali mwa msana mukupweteka
• mwayamba kudzikodzera kapena kudziipitsira mutavulala msana, miyendo yafooka, kapena pakati pa miyendo pachita dzanzi
• diso lafiira ndi kupweteka mwadzidzidzi mutayamba mankhwala

KOPEZA THANDIZO

Yambani pa kiliniki ya pa mgodi kapena ya khonsolo imene ili pafupi. Iwo akhoza kukutumizani ku Kwekwe General Hospital kapena ku Gweru Provincial Hospital, ndipo zikafunika madokotala a chikhodzodzo, ku Mpilo kapena United Bulawayo Hospitals ku Bulawayo, kapena ku Parirenyatwa ndi Sally Mugabe Central Hospital ku Harare. Ngati Chishona, Chindebele kapena Chingerezi sichikuyenda bwino, pitani ndi wachibale amene mumamukhulupirira, kapena onetsani kapepala aka pa mbali ya chilankhulo chimene namwino amawerenga.

Ngati vuto linayamba ndi ngozi ya pa ntchito, onetsetsani kuti ngoziyo yalembedwa ndi kuperekedwa ku NSSA, ndipo sungani makope a mapepala onse. NSSA ili ndi malo othandizira ovulala pa ntchito ku Bulawayo.

Mukamapita kumudzi pa tchuthi, ulendo wa basi wodutsa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi wautali. Tengani mankhwala okwanira masiku onse, m'mabotolo ake enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala yoonetsa pa malire. Lembani dzina lenileni la mankhwalawo, monga oxybutynin kapena tamsulosin, chifukwa dzina la pa bokosi limasiyana dziko ndi dziko.

Tikudziwa chimene chimakugwirani mwendo. Mumaopa kuti kapitawo akamva adzati simungathenso ntchito, kapena kuti anzanu adzakusandutsani nthabwala. Koma taganizani: bambo amene amadzimana madzi shifiti yonse, wosagona mokwanira chifukwa chodzuka kasanu usiku, ndi amene ali pafupi ndi ngozi kuposa amene anayezetsa n'kulandira thandizo loyenera. Alipo amene anasiya kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, ena anasiya kugona chipinda chimodzi ndi akazi awo, chifukwa cha vuto limene mwina linali likodzo lochizika tsiku limodzi.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Yambani lero kulemba kapepala ka masiku atatu kaja. Pa tsiku la ofu likubwerali, tengani kapepalako, khadi lanu ndi mankhwala onse amene mukumwa, mupite ku kiliniki. Mukamaliza kuwerenga, patsirani mnzanu.